Pampu Yopakidwa Penti

Galimoto ya bambo ake a Mzime inali yakale kuposa Mzimeyo. Anaigula kwa munthu amene nayenso anaigula kwa munthu wina, ndipo mtundu wake analeka kupanga kalekale. Amayi ake a Mzime ankaitchula kuti "mkazi mnzanga," chifukwa mwamuna wawo akadzuka ankayamba wakaiona galimotoyo asanawafunse iwo ngati agona bwino. Tsopano mkazi mnzawoyo anali ataima kuseri kwa nyumba, boneti ili yasa, madzi akudontha ngati mphuno ya mwana wachimfine.

Ukwati wa Mzime unali utaima pomwepo.

Bambowo anagwira ntchito yoyendetsa malole mpaka maso atayamba kuchita nkhungu. Kuchokera apo galimoto ankayendetsa ndi Mzime, mwana wawo womaliza, iwo ali pambali kulamula. Tsiku limene Mzime anawauza kuti pali mnyamata wofuna kudzaonekera, makanika amene anthu ankamutchula Bauti chifukwa chovuta kumasula pakamwa, iwo sanafunse za kwawo kapena za makolo ake. Anangoloza kuseri.

"Ngati ndi makanika, adzutse iyo. Lamlungu likubwerali tikwere nayo chitunda chachitali chija cha kunja kwa tauni. Ikakwera n'kubwerako yokha, ndimupatsa mpando, ndimve zonena zake. Ikalephera, asandivutitse."

"Ababa, munthuyo akufuna ine, osati galimoto."

"Ndamva. Ayambe ndi galimoto."

Nkhani inathera pomwepo. Bambowo sankabwereza mawu.

* * *

Vuto linali pampu ya madzi. Bauti anaichotsa tsiku lomwelo, kusaka n'kuyamba. Galimoto yatsopano umangotchula dzina lake pa shopu, akupatsa katundu. Yakale ayi. Umanyamula chipangizo chakufacho m'thumba n'kumayenda nacho shopu ndi shopu, kuchiika pa kauntala, kuyerekeza mabowo a mabauti. Bauti anayenda nayo pampuyo mpaka nsapato inayasama. Ena ankamuseka. Wina anamufunsa ngati waifukula kumanda.

Lachinayi madzulo anafika kwa a Mzime, n'kukhala pa tayala lakale pafupi ndi galimotoyo, thumba lili pakati pa miyendo.

"Nanga?" anafunsa Mzime.

"Kulibe."

"Konsekonse?"

"Pali ina yofanana nayo, koma bowo limodzi laphonya pang'ono."

"Sungaboole lina?"

"Ndiboole galimoto ya bambo ako? Andiboola ine."

Mzime sanaseke. Anayang'ana kuzenera la kukhitchini, n'kutsitsa mawu.

"Ku yadi kwa Zilipo kuli galimoto ngati yomweyi. Ilibe zitseko, koma injini ilimo."

Dzina limenelo silinkatchulidwa pakati pawo. Zilipo anali wogulitsa masipeya, mwini yadi yodzaza galimoto zakufa, ndipo chilichonse ungamufunse yankho lake linali limodzi, "zilipo," ngakhale zikhale kulibe. Chaka chapitacho anafunsira Mzime, Mzime n'kumukana. Koma iye sanamve kuti wakanidwa. Ankabwerabe kudzapatsa moni amayi ake a Mzime, malaya oyera mbee, mafuta onunkhira kuyambira pa geti.

"Unaiona liti?" anafunsa Bauti.

"Kalekale. Usayambe."

"Sindinayambe. Ndangofunsa."

"Pita ukagule ngati kasitomala wina aliyense."

"Ndikapemphe kwa munthu ameneyo chinthu choti ndikwatirire iwe? Mawa tauni yonse imve kuti Bauti mkazi anachita kupatsidwa ndi Zilipo?"

"Ndiye kunyada kwakoko n'kumene kukwere chitunda Lamlungu?"

Bauti anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale analibe chopukuta.

"Mawa ndili ndi basi ya eni ake ku galaja, sindichoka. Loweruka ndilawira ku tauni inayo. Kuli madala wina amene sataya chitsulo, mwina ali nayo. Koma kwa Zilipo ayi. Iwenso ayi, Mzime. Undilonjeze."

"Ndamva."

"Kumva ndi kulonjeza n'zosiyana."

"Ndalonjeza. Tasiya kundiyang'ana choncho."

Bauti anaika thumba lija m'buti ya galimotoyo, n'kumapita osacheuka.

* * *

Amayi ake anali atamva zonse. Zenera la kukhitchini linalibe galasi limodzi, ndipo sanalolepo kuti alikonze.

"Mwana iwe," anatero uku akutsuka mbale, "mnyamata wakoyo manja ndi akuda, mutu ndi wouma. Mkazi mnzangayo sadzuka ndi kunyada."

"Ndamulonjeza, amayi."

"Ukufuna lonjezo kapena ukufuna banja? Ine ukudziwa kale amene ndimamufuna, sindibisa. Koma ndatopa kukuona ukuonda. Madala amene akuwanenawo akakapezeka kuti anamwalira chaka chatha, utani?"

Foni ya Mzime inanjenjemera pa tebulo. Unali uthenga wochokera kwa Zilipo: "Ndamva mukusaka pampu. Ilipo. Bwera ndi yakaleyo tiyerekeze."

Mzime anayang'ana amayi ake.

"Wamva kwa ndani?"

"Tauni ndi yaing'ono," anatero amayiwo, maso ali m'mbale.

Mzime anadziuza kuti sapita. Anadziuza choncho akusesa, akusita, akusamba. Kutacha anatsegula buti n'kutenga thumba lija.

* * *

Shopu ya Zilipo inali kutsogolo kwa yadi. M'mashelefu munali magalasi, nyali ndi malamba zopachika mpaka kudenga. Mwini wake anali pampando wozungulira, ndipo atamuona Mzime anadzuka ngati walowa nduna.

"Lero dzuwa latulukira kuti? Khala pansi, Mzime. Utenge chakumwa?"

"Ndili pa changu. Pampu ndi iyi."

Zilipo anaitulutsa m'thumba ndi zala ziwiri, kuopa malaya ake. Anaitembenuza, n'kuimba mluzu.

"Amisiri akuluwo alephera? Si paja amati amamva matenda a injini ali kutsidya kwa msewu?"

"Muli nayo kapena mulibe?"

"Ilipo. Koma ili pa galimoto, mpaka tiimasule. Isiye iyi tiyerekezere, ubwere mawa m'mawa."

Aliyense amene anasungapo galimoto yakale akudziwa kuti chipangizo choyerekezera sichigona pa shopu. Umaima pomwepo, maso ali pa chako, mpaka utaona ziwiri zili pamodzi pa kauntala. Mzime anali dalaivala wabwino, koma kogula masipeya ankapita ndi bambo ake okha. Chimene iye ankafuna chinali kutuluka m'shopumo wina asanamuone. Anaisiya.

Loweruka m'mamawa anabwereranso. Zilipo anamupatsa bokosi. M'kati munali pampu yowala ngati siliva, yonunkha penti.

"Yakale ija?" anafunsa Mzime.

"Zakale timatenga ife. Ndi mmene timachitira."

"Nanga mtengo wake?"

"Ine ndi iwe tikambirane za mtengo? Tenga. Ukapereke moni kwa amayi."

Mzime anasiyabe ndalama zimene anali nazo pa kauntala. Zilipo anazikankhira m'thumba lija, akumwetulira. Kumwetulirako Mzime sanakukonde, koma bokosi linali m'manja, ndipo mawa lake linali Lamlungu. Ali panja anatumiza uthenga kwa Bauti: "Usapite ku tauni inayo. Pampu yapezeka."

Yankho linabwera pomwepo: "Ndinali nditakwera kale basi. Ndikutsika. Yapezeka kuti?"

Mzime anaiyang'ana foniyo kwa kanthawi, n'kulemba kuti: "Kwa amalume ake a mnzanga wa kuntchito."

* * *

Bauti anafika masana, sipanala zili m'chikwama. Anatsegula bokosi, n'kuitenga pampuyo ndi manja onse awiri. Anaizunguza, anaiyang'ana kumbuyo, anayendetsa chala m'mphepete mwake. Anatenga nthawi yaitali.

"Siikwana?" anafunsa Mzime.

"Ikwana. Ikwana ndendende." Sanamuyang'ane. "Yakale ija ili kuti?"

"Amalumewo anaitenga. Akuti ndi mmene amachitira."

"Mnzako uti?"

"Sukumudziwa. Wabwera kumene."

"Chabwino." Anaiika pa nsalu. "Palibenso china chofuna kundiuza?"

"Ngati chiyani?"

"Ngati chilichonse."

"Ayi."

Bauti anagwedeza mutu, n'kugwada pa galimoto. Anamanga pampuyo osayankhula. Anathira madzi, analiza injini, n'kuisiya ikulira pabwalo mpaka amayi anadandaula utsi. Pansi sipanadonthe kanthu. Mzime anafuna kumukumbatira, koma nkhope ya Bauti inali ngati ya munthu amene wabwera kudzaona wodwala.

Akulongedza sipanala, foni ya Mzime inalira. Pa galasi panaoneka dzina la Zilipo. Anaidula msanga n'kuiika m'thumba la siketi. Inaliranso, anaidulanso.

"Yankha," anatero Bauti.

"Ndi olakwitsa nambala."

"Olakwitsa nambala akhama."

Ananyamula chikwama, n'kupita kukatsanzika kwa bambo pakhonde.

* * *

Lamlungu bambo anavala jekete. Anazungulira galimoto yawo, akuisisita ngati ng'ombe yogula, n'kuima kutsogolo kwa Bauti.

"Amisiri, pampu yakale ili kuti? Makanika woona amabweza chimene wachotsa."

"Inatsala komwe kunachokera iyi, bambo."

"Hmm."

Analowa kutsogolo. Mzime anagwira chiwongolero, Bauti anakhala kumbuyo ndi chigubu cha madzi ndi chikwama chake. Amayi anaima pa geti, manja ali m'chiuno.

"Mumuyendetse bwino mkazi mnzangayo. Akafa panjira musandibweretsere maliro."

Anadutsa msika, anadutsa mlatho, nyumba zinayamba kuchepa. Injini inkalira bwino. Bambo anali atapendeketsa mutu kumvetsera, ndipo kawiri konse Mzime anaona milomo yawo ikufuna kumwetulira. Mtima wake unayamba kutsika. Anayang'ana pa galasi kuti akumane maso ndi Bauti, koma Bauti maso anali pa boneti.

Atafika patsinde pa chitunda, Bauti anawerama.

"Bambo, tikadaima kaye pang'ono ndione madzi."

"Chifukwa?"

"Kungoona."

"Galimoto yokonzedwa saiimitsa panjira ngati mwana wofuna kukodza. Kodi ukuikayikira ntchito yako?"

Bauti anatsamiranso mpando wake.

"Ponda, Mzime," anatero bambo.

Mzime anaponda. Kamuvi kosonyeza kutentha kanali katafa zaka zambiri, choncho panalibe chowachenjeza. Chinayamba ndi fungo, ngati la poto woiwalika pamoto. Kenako mphamvu inachepa, injini n'kuyamba kugogoda.

"Zimitsa," anatero Bauti.

"Tatsala pang'ono," anatero bambo.

"Mzime, zimitsa!"

Mzime anakhotera kumbali. Asanagwire kiyi, injini inazima yokha, nthunzi n'kutuluka mbali zonse za boneti. Pamwamba pa chitunda pankaoneka apo, poti munthu akhoza kuponyapo mwala.

* * *

Anadikira kuti izizire, aliyense ali payekha. Malole ankadutsa, kuwathira fumbi. Kenako Bauti anatsegula boneti n'kuthira madzi a m'chigubu. Madziwo anatulukira pa pampu, ena n'kutulukira pamwamba, pamene panali mng'alu wooneka ndi maso.

"Nena," anatero bambo.

"Mutu wa injini wang'aluka."

Bambo anavula jekete, n'kumupatsa Mzime. Maso awo sankaona bwino, koma zala zinali zikadali za dalaivala. Analowetsa dzanja, n'kuipapasa pampuyo. Penti uja anali atatupa ndi moto, ankasupuka ngati khungu. Chala chawo chachikulu chinaima pamalo amodzi. Chinabwerera, n'kuimanso pomwepo.

"Bwera kuno, mnyamata. Ika chala apa. Ukumva chiyani?"

"Kamtanda."

"Kamtanda kameneko ndinacheka ndine ndi tupa. Chipangizo chilichonse cha m'galimoto muno chili nako, kuyambira nthawi ya malole, chifukwa amakanika ndimawadziwa. Iyi ndi pampu yanga yomwe ija. Waitsuka, waimata, waipaka penti, n'kundiuza kuti wapeza ina."

Bauti anachotsa chala pa pampuyo.

"Ndinakupatsa ntchito imodzi yokha. Ukanabwera n'kunena kuti bambo, ndalephera, bwenzi ndikukulemekeza. Koma iwe wandipusitsa ngati mwana, wandiphera injini, ndiye ukufuna ndikupatse mwana wanga? Kuti nayenso ukamupake penti?"

Mzime anadikira kuti Bauti adziteteze. Bauti anatseka pakamwa monga mwa dzina lake. Apo m'pamene Mzime anazindikira kuti munthuyu achoka pano ali wakuba m'maso mwa bambo ake, koma dzina la Mzime salitchula.

"Ababa, si iyeyu."

"Iwe khala chete."

"Pampuyo ndinabweretsa ndine. Ndinatenga yakale m'buti iye asakudziwa, ndinapita nayo kwa Zilipo, n'kuisiya konko. Dzulo anandipatsa iyi m'bokosi. Bauti anandiletsa kupitako, ine ndinamunamiza kuti ndaipeza kwina."

Ananena zonsezo maso ali pa jekete limene ananyamula. Atamaliza sanayerekeze kuyang'ana kumene kunali Bauti.

Bambo anapuma mozama.

"Unasiya chipangizo changa pa shopu usiku wonse? Mwana wanga weniweni?" Anatembenukira kwa Bauti. "Chabwino, wakuba sindiwe. Koma ndikufunse. Pampu unachotsa wekha, unayenda nayo tauni yonse. Itabwera m'bokosi sunaidziwe?"

Mzime anapemphera chamumtima kuti angoti ayi. Makanika wosazindikira akhoza kukhululukidwa. Penti wapusitsapo anthu ambiri.

"Ndinaidziwa," anatero Bauti.

Mzime anatukula mutu.

"Khutu lake limodzi, polowa bauti paja, ndinalibenthula ndine pochotsa. Nditangoigwira ndinadziwa."

"Ndiye unaimangiranji?"

"Basi ija inali itapita, kwina kunalibe. Ndinaiyesa pabwalo, sinadonthe. Ndinati mwina ipirira tsiku limodzi, ndidzasakenso ina pambuyo. Komanso kuikana kukanakhala kumuuza mwana wanu kuti akunama. Ndinkadikira kuti anene yekha."

"Ukanandiuza," anatero Mzime.

"Ndinakufunsa. Unati ayi."

Bambo anaseka kuseka kosasangalatsa.

"Ndiye inu awiri mumadikirirana mabodza pa injini yanga. Wina akunama, wina akuonerera. Banja labwino zedi limeneli." Anatulutsa foni m'thumba la malaya, n'kuiyandikitsa kumaso. "Mayi, mkazi mnzako wafa. Tuma munthu wa chingwe, tili pachitunda."

* * *

Munthu wa chingwe amene amayi anatuma sanali wovuta kulota. Pikapu yoyera inaima kutsogolo kwawo, ndipo Zilipo anatsika, chingwe paphewa, bokosi m'khwapa. Anagwira dzanja la bambo ndi manja awiri.

"Pepani kwambiri, bambo. Zandikhudza. Ogwira ntchito anga anasokoneza, anatsuka yakale ija n'kuiika m'bokosi. Yeniyeni ndi iyi." Anatsegula bokosilo, munali pampu yakuda ndi girisi. "Nditazindikira dzulo ndinamuimbira Mzime, koma ankangodula. Mwina anali wotanganidwa."

"Kusokoneza kumamata ndi guluu pamalo podontha?" anafunsa Mzime. "Kusokoneza kumapaka penti?"

"Mzime, usapse mtima. Chondidabwitsa ine n'chakuti amisiri sanaone. Ife ogulitsa tikhoza kulakwitsa, koma womanga?" Anamuyang'ana Bauti kuyambira kunsapato. "Moni, achimwene. Ndamva ntchito yakula."

Bauti anatseka boneti.

"Iwe wamasipeya," anatero bambo, "nkhani yakoyo sindikuikhulupirira, usandione ngati wopusa. Koma ndikufunse chimodzi. Mutu wa injini iyi uli nawo?"

"Ulipo, bambo."

"Iwe chilichonse umati chilipo."

"Ali nawodi," anatero Bauti motsitsa. "Tauni yonse ino ulipo umodzi wokha, ndipo uli pa galimoto ya mu yadi mwake."

"Mwamva nokha," anatero Zilipo. "Tiikokere kwathu, anthu anga amange, mudzaitenge ikuyenda. Kungoti ndilipire kulakwa kwanga. Mzime azidzaona mmene ntchito ikuyendera."

Bambo anaima nthawi yaitali, dzanja lili pa denga la galimoto yawo. Mzime ankawadziwa. Iwo sankamufuna Zilipo, koma galimotoyo inali chinthu chokhacho chimene chinawatsalira pa moyo wawo wa pamsewu.

"Manga chingwe," anatero.

Zilipo anagwada pa mpango kuti asadetse buluku, n'kumanga. Bambo anatenga jekete lawo kwa Mzime.

"Ine sindiona. Lowa ugwire chiwongolero. Ine ndikwera kutsogoloko."

Bauti anatola chikwama chake ndi chigubu chopanda kanthu chija. Anaima pafupi ndi Mzime, n'kuyankhula moti amve iye yekha.

"Ndalakwa, ndikuvomera. Ndikanatha kuikonza ndi manja angawa, ngakhale zitenge mwezi. Koma ikalowa mu yadi mwake, iwe uli pa chiwongolero, usadzandifunenso."

"Bauti, ndi bambo anga."

"Ndikudziwa."

Anawerama pang'ono kwa bambo, n'kuyamba kutsika chitunda wapansi.

* * *

Mzime analowa m'galimoto. Mpando unali wotentha. Kutsogolo Zilipo anali atawatsegulira bambo chitseko cha pikapu, akuwagwira chigongono ngati mkamwini. Chingwe chinali chitagona pa phula pakati pa galimoto ziwirizo. Pa galasi anaona msana wa Bauti ukuchepa.

Zilipo analiza injini yake, n'kutulutsa dzanja pa zenera kuti tiyeni.

Mzime anakoka buleki ya pamanja mpaka kumapeto. Anazula kiyi, n'kupotoza chiwongolero mpaka chinalira kuti kwatcha, kudzikhoma. Anatuluka, anatseka chitseko.

Pikapu inakoka, chingwe chinauma, galimoto yakale sinasunthe. Bambo anatsika.

"Ukutani?"

"Siipita ku yadi imeneyo, ababa. Munthu ameneyu waipha dala, ndiye mumupatsenso mtembo?"

"Bweretsa kiyi."

"Mudzandikhululukire."

"Mzime." Sanakweze mawu. "Galimoto iyi ndi yanga, iwenso ndiwe wanga. Ukatsika chitunda ichi ndi kiyi ameneyo, pa geti langa usafike."

Mzime anawayang'ana bambo ake, okalamba, jekete lili mokhota, akuyang'ana pang'ono pambali pa pamene iye anaima chifukwa sankamuona bwino. Anatsala pang'ono kubwerera. Kenako anaona Zilipo atatsamira pikapu yake, akumwetulira ngati dzulo lija.

Anatembenuka n'kuyamba kutsika.

Anamupeza Bauti pafupi ndi tsinde la chitunda. Mzime anali wefuwefu, nsapato zitadzaza mchenga. Anatambasula dzanja kumuonetsa kiyi.

Bauti anayang'ana kiyiyo, n'kuyang'ana kumtunda.

"Wachita chiyani?"

"Ndaikhoma. Saikoka."

"Ndipo bambo ako?"

"Akuti ndisafike pakhomo."

Bauti anaika chigubu pansi. Nkhope yake inafewa pang'ono, kenako inaumanso.

"Sindinakupemphe kuti utero."

"Unati ndikalowa nayo mu yadi ndisadzakufunenso. Ndiye sindinalowe. Ukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna ndidziwe kuti ukandiuza kanthu, n'zoona."

"Nanenso ndikufuna munthu woti akaona ndikugwera m'dzenje azindigwira, osati kuima n'kumadikira kuti ndikuwe."

Anayang'anizana. Basi inadutsa, kondakitala anawakuwira, sanamuyankhe.

"Ukagona kuti?" anafunsa Bauti.

"Kwa azakhali. Zimenezo zisakuvute. Iwe ganiza za injini. Tikaidzutsa, bambo afewa, ndimawadziwa."

"Popanda mutu siidzuka. Ndipo mutuwo ukudziwa kumene uli."

Foni ya Mzime inanjenjemera. Anafuna kuisiya m'thumba, koma anakumbukira zadzulo. Anaitulutsa, n'kuigwira poyera pakati pawo kuti awerenge onse.

Unali uthenga wa Zilipo: "Bambo ndawatenga, usadandaule. Akulira, koma afika bwino. Mutu wa injini ulipo. Kwa makanika sindigulitsa. Ukaufuna, udzabwere wekha."

Bauti anawerenga mpaka kumapeto. Ananyamula chigubu chake, n'kuchiikanso pansi.

"Muyankhe," anatero. "Ine ndili pompano, ndikuona."